Lamba wa Agogo Ako Ndinamupereka Ndine

Indianapolis, Lachinayi masana

Tiyamike mwana wanga,

Ndakulembera m'Chichewa mwadala. Ndikudziwa kuti uwerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo ndi zimene ndikufuna. Ndili mu laibulale ya kuyunivesite. Kalasi ya masana ndaijomba, chinthu chimene sindinachitepo chibwerere kusukulu, chifukwa cha zimene zinachitika dzulo. Mawa m'mawa ukwera basi ya ku Oklahoma kukayamba koleji ndi kukakhala kwa azakhali ako a Loretta, mlongo wa malemu bambo ako. Iwo anakupempha chinthu chimodzi chokha, kuti upite ndi lamba woluka amene agogo ako, mayi wa bambo ako, anayamba kukulukira uli khanda. Lambayo umupeza m'kaphukusi kamene ndikaike pabedi pako pamodzi ndi kalatayi. Usamasule usanafike kumapeto. Sali m'mene anamusiyira agogo ako, ndipo wolakwa ndine.

Malangizo amene ndili nawo ndi ochepa, ndipo onse ndawatola pamene ndinagwa ine mwini. Ndiyambe ndi maliro. Bambo ako, a Wesley, ndinakumana nawo ku South Bend tonse tili ophunzira, ine ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndangofika kumene kuchokera ku Malawi, pakamwa pali potentha. Iwo anali munthu wofatsa wa mtundu wa Chickasaw, umodzi wa mitundu ya eni nthaka a dziko lino, wosakonda kulongosola za kwawo pokhapokha munthu atakhala pansi n'kufunsa. Ine sindinali wokhala pansi. Atamwalira pa ngozi ya pamsewu iwe uli ndi zaka zinayi, azakhali ako anafika tsiku lachiwiri. Anapempha kuti mtembo ukaikidwe ku Oklahoma pafupi ndi mayi awo, ndipo anati zikadakhala bwino iwe utamapita kumeneko pa tchuthi. Sindinadikire kuti amalize. Ndinaimirira pamaso pa anamalira onse n'kunena kuti, “Kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Mwanayu ndi wa mbumba yanga, palibe amene amutenge.” Iwo anati, “Kwathunso kuyambira kale mwana amatsata mayi wake. Sindinabwere kudzalanda mwana. Ndabwera kudzaika mlongo wanga.” Bambo ako tinawaika ku South Bend monga ndinafunira. Azakhali ako anabwerera okha, ndipo kwa zaka zisanu ndi zitatu sitinalankhulane. Ndinkaitcha nkhondo imene ndinapambana. Tiya, munthu akayamba kulankhula, umuleke amalize. Ukhoza kumenyana ndi munthu amene wabwera kudzalira nawe.

Cholakwa chachiwiri chinatuluka m'choyambacho. Patapita milungu ingapo, akuluakulu a mpingo wathu wa Amalawi anati tigawe zovala za malemu monga timachitira kumudzi, kuti nyumba ipepuke ndipo aliyense akhale ndi chikumbutso. Bambo Kachingwe, mkulu wa mpingo uja amakutcha “mdzukulu”, ndiwo anaima ngati malume anga chifukwa abale anga anali kutali. Tinayala zonse pa kapeti: majekete, nsapato, malaya, zipewa. M'kati mwa pilokesi yakale ndinapezamo chinthu choluka cha ulusi wofiira, wakuda ndi woyera, mizere yake yokhotakhota ngati mphezi. Mbali imodzi inali yolukidwa bwino. Mbali inayo inali zingwe zazitali zokhazokha, zomangidwa m'timitolo, ndipo pakati panali kamtengo. Ndinaganiza kuti ndi lamba wakale amene wayamba kumasuka. Mayi Kachingwe anati mitundu yake ndi yokongola, ine n'kuti, “Tengani.” Basi. Mawu amodzi. Tsono taona pamene ndinapusira: mwambo umene ndinkanyadira kuti ndikuusunga m'dziko la eni umati katundu wa mwamuna agawidwe kwa abale ake. Abale akewo ndinali nditawapirikitsa. Ndinachita mwambo wonse bwinobwino, ndi pemphero ndi tiyi womwe, eni ake palibe. Mwana wanga, chinthu chimene sukuchidziwa dzina usachipereke, usachitaye, usachikonze. Yamba wafunsa. Safunsa anadya phula, ndipo ine ndinadyetsa ndi iwe womwe.

Uzikumbukira chaka cha nthenga chija, chifukwa ine sindidzachiiwala. Unali ndi zaka khumi ndi ziwiri, titasamukira kale ku Lawrence, m'mphepete mwa Indianapolis muno, ine ndikugwira ntchito yosamalira okalamba masana n'kumaphunzira makalasi awiriawiri. Unabwera kuchokera kusukulu n'kundifunsa kuti kumbali ya bambo ako ndiwe yani, chifukwa anakuuzani kuti aliyense apange chinthu chosonyeza kwawo. Ndinasangalala ngati ndapatsidwa udindo. Tinakwera basi mpaka ku masitolo a mu Lafayette Road, tinagula nthenga zopaka utoto, mikanda ya pulasitiki ndi guluu. Milungu itatu tinakhala pa tebulo la kukhitchini. Tinapanga chisoti chachikulu cha nthenga, tinkhata ta ukonde tolendewera pawindo, ndipo unajambula mahema osongoka ndi akavalo. Zonsezo ndinazitenga pa zithunzi za pa intaneti. M'mwezi womwewo ndinali nditaimirira m'kalasi n'kudzudzula mphunzitsi wina amene anaonetsa zithunzi za nyamalikiti ndi za abusa ovala nsalu zofiira n'kunena kuti ndiye Africa imeneyo. Ndinamuuza kuti Africa si mudzi umodzi, ndipo munthu wophunzira amene sasiyanitsa Mchewa ndi anthu a mayiko ena ndi waulesi wa m'mutu. Anzanga anandiombera m'manja. Iwe ndiwe unakakamira kuti titumize chithunzi chako kwa azakhali ako. Anayankha patatha masiku atatu: “Mwanayu wakula, maso ndi a Wesley. Koma zimene wavalazo palibe chathu ngakhale chimodzi. Ndi za mitundu ina yakutali ndi ife, ndipo kwa eni akewo chisoti chotere sachiveka mwana.” Ndinakhala pansi m'bafa osadziwa kuti ndakhala. Ulesi wa m'mutu umene ndinatukwanira munthu pagulu ndinali nditauveka mwana wanga pamutu, n'kumujambula.

Ndipo ukudziwa chimene ndinachita nditadzuka pamenepo. Ndinatsegula kompyuta n'kuyamba kulemba yankho la masamba atatu lofotokoza kuti cholinga chathu chinali chabwino, ndi kuti iwo akadatithandiza kale sizikadafika apa. Unabwera kumbuyo kwanga, unawerenga, unatseka kompyutayo ndi dzanja limodzi, n'kunena m'Chingerezi chako chija kuti, “Amayi, ulendo uno ingopepesani. Mzere umodzi.” Ndinapepesa ndi mzere umodzi, ndipo patatha mlungu kuchokera kwa azakhali ako kunafika bokosi la ulusi ndi timitengo tiwiri tosalala. Uzisunga luso lopepesa mwachidule limenelo, Tiya. Sunalitenge kwa ine. Munthu akakuonetsa pamene walakwa, usamulembere ndemanga ya momwe wakuonetseramo.

Masana a Lasabata aja ndiwo nthawi yabwino koposa imene ndakhala nayo m'dziko lino. Foni itatsamira chitini cha shuga, azakhali ako ali pa kanema, kamtengo katamangidwa ku chogwirira cha kabati, ife awiri taima ndi zingwe m'manja. Kuluka kwa kwa bambo ako kulibe makina, kulibe singano, ndi zala zokha. Umatenga chingwe cha kumphepete, n'kuchidutsa pamwamba ndi pansi pa zinzake, chikafika pamene chikupita chimasanduka chimodzi cha zoima, chinanso n'kunyamuka. Iwe unagwira msanga. Ine zanga zinkatuluka zokhota ngati mchira wa nkhumba.

“Amayi, mwadumphanso chingwe,” unkatero. “Mukuluka ngati mukukangana nacho.”

“Ndikuluka molimba kuti chikhalitse.”

Azakhali ako n'kuseka pa foni mpaka kutsokomola: “Uwauze mayi ako asakoke choncho. Ulusiwo sunawalakwire.”

Poluka pomwepo ankakuuza za agogo ako, za chakudya cha chimanga chosinja chimene amaphika pa misonkhano ya banja, za momwe makolo awo anachotsedwera mokakamiza ku dziko lawo lakale la ku Mississippi n'kukatayidwa kumene ali tsopano. Ine magazi ankawira. Tsiku lina ndinatenga kope kuti ndilembe, ndikuganiza kale za pepala la kusukulu limene likagwedeze aphunzitsi. Iwo anaona kopelo n'kunena mofatsa kuti, “Alamu, izi ndikuuza Tiya.” Ndinalitseka. Ukakafika kumeneko ukamva zambiri zotere. Zina ndi zoti uuze dziko, zina ndi zoti usunge. Usadzisankhire wekha kuti izi ndi ziti.

Tsopano ndafika pa chimene ndakhala ndikuchizungulira. Uli ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, azakhali ako anati timalamba tating'ono takwana, uyambe wamtali wa m'chiuno. Anafotokoza kuti wamtali sayambira kumapeto. Amamanga zingwe zonse pa kamtengo pakati penipeni, n'kuluka mbali imodzi mpaka kutha, ina ili yomangidwa m'timitolo kuti isakolane. Akatha amatembenuza, amachotsa kamtengo, n'kuluka mbali yotsalayo. Pamene unkamanga timitolo tako, ine ndinaona pilokesi ija m'maso mwanga. Ndinakumbukiranso tsiku lina bambo ako ali moyo, atatulutsa pilokesiyo n'kunena kuti akufuna kundionetsa chinthu cha mwana. Ndinali ndikulemba kalata yodzudzula akuluakulu a sukulu pa nkhani imene lero sindikuikumbuka n'komwe. Ndinati, “Pambuyo pake.” Sanatulutsenso. Ndili m'kati moganiza zimenezo, azakhali ako anati, “Wa mayi anga uja ndi wotero. Analuka mbali imodzi Tiya atabadwa, zala zitayamba kukana anati mbali inayo adzamaliza mwini wake akadzakula. Wesley anamutenga. Muli naye, eti?” Ndinayankha osaphethira kuti, “Ali m'bokosi kwa anzathu ku South Bend.” Iwe unalumpha ndi chimwemwe. Ine, amene ndimadzitcha mdani wa bodza, amene ndinakulanga kusaonera kanema mwezi wathunthu chifukwa cha bodza la homuweki, ndinalisunga langali zaka ziwiri. Nthawi iliyonse ukafunsa ndinkati kukuzizira, kapena ndili ndi mayeso, kapena galimoto silili bwino. Ndinkaopa kukapeza kuti anatayika. Bodza, mwana wanga, silidikira pamene unalisiya. Uzinena choipacho tsiku lomwelo, chikadali chaching'ono.

Dzulo ndinapita ndekha ku South Bend. Maola pafupifupi atatu pamsewu ndinkapemphera pemphero limodzi, kuti akhale kuti alipo. Mayi Kachingwe anandilandira pakhomo ndi nthungululu, ananditengera pabalaza, anateleka tiyi. Nditatchula za chinthu chofiira chija, nkhope yawo inawala.

“Aa, cha bambo a Tiya? Chilipo! Mwaganiza kuti ife tingataye chikumbutso cha mkamwini wathu? Tayang'anani apo.”

Pamwamba pa shelefu ya mabuku panali chithunzi cha bambo ako ali ndi amuna a mumpingo pa pikiniki ina. Pansi pa chithunzicho panayalidwa lamba wa agogo ako, woyera bwino, wopanda fumbi, mitundu yake ikadali yowala. Ndinaimirira kuti ndimugwire, ndipo ndinaona kuti ndi wamfupi. Kumene kunali kamtengo ndi timitolo kunali msoko wowongoka wa makina, wa ulusi wobiriwira.

“Tinachikonza ndithu,” anatero monyadira. “Zingwe zija zinkangokola fumbi, adzukulu n'kumakoka. Ndinadula bwinobwino ndi sizasi, ndinapinda kawiri kuti chisapitirire kumasuka. Sichikuoneka bwino?”

“Zingwezo zili kuti?”

“Mayi a Tiya, inunso! Zaka khumi ndi zinayi?”

Tiya, makutu anga anatseka. Ndinkaona milomo yawo ikuyenda osamva kanthu. Kenako mawu anatuluka okha, ndipo anali mawu anga a masiku onse. Ndinakuwa kuti adula ntchito ya munthu wakufa, kuti awononga cholowa cha mwana wamasiye, kuti umbuli wotere ndi umene wathera mitundu ya anthu. Ndinalankhula ngati ndili pa msonkhano wa ophunzira, kwa mayi wa zaka makumi asanu ndi awiri amene anasambitsa iwe pa nthawi ya maliro pamene ine ndinkalephera kudzuka. Iwo anayamba kulira atagwira thireyi. Bambo Kachingwe, amene anali pampando wawo pabalazapo, anachotsa magalasi n'kunena kuti, “Khalani pansi, mayi. Tsiku logawa lija ndinakufunsani kawiri kuti kodi abale a mwamuna mwawaitana. Mukukumbukira chimene munayankha?” Ndinakumbukira. Ndinati abale ake ndife. “Ndiye ife tinalandira ngati abale,” anatero, “ndipo tinasamala monga tinadziwira. Sizasi inali m'manja mwa mayiwa, koma amene anatsegula pilokesi alipo.” Ndinagwada pa kapeti yawo n'kupepesa. Iwo anamukulunga lambayo m'nsalu yoyera, ndipo mayi Kachingwe anati ndikuuze kuti ngati sufunanso kuwaona adzamvetsa. Ndikukupempha, ukadzabwera pa tchuthi ukawaone. Mkwiyo wako uli ndi mwini wake, ndipo si iwowo.

Lero m'mawa utapita kukatsanzika anzako ndinaimbira azakhali ako. Ndinanena zonse motsatana monga ndakulemberamu, popanda “koma” ngakhale mmodzi, ndipo udziwe kuti kwa ine imeneyo ndi ntchito yolemera kuposa mayeso onse amene ndalembapo. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa ngati zingwe zatsalako ngakhale zotalika ngati chala. Ndinati ayi. Anafunsa ngati kamtengo kalipo, chifukwa anasema ndi bambo awo. Ndinati ayi. Atalankhulanso mawu awo anali ouma. “Msoko wa makinawo musauphwasule, mungawonongenso zina. Abwere m'mene alili. Koma mumve ichi. Azing'ono awiri a mayi anga akadali moyo. Ndi amene anasankha nawo mitundu ya ulusiwo, ndipo chiyambire chilimwe akuuza aliyense kuti mwana wa Wesley akubwera kudzamaliza lamba wa mkulu wawo. Ine sindikawauza. Ndipo simutuma mwana.” Anadula foni osatsanzika.

Sindikudziwa kuti kumeneko ukakupeza kotani. Ndakuwonongera polowera, ndipo sindingakulonjeze kuti pakonzeka msanga. Chimene ndingakuuze ndi ichi. Ukakalowa m'nyumba ya agogo awiriwo, ukachite monga ndinakuphunzitsira kwa akuluakulu a kwathu: ukapereke moni kwa aliyense payekha, ukalandire ndi manja awiri, ukadye chimene akupatsa. Usakavale chinthu usanafunse kuti ndi cha yani ndipo chimavalidwa liti. Usakajambule zithunzi pa magule ndi pa misonkhano usanaloledwe. Akakuphunzitsa mawu a chinenero chawo n'kuseka katchulidwe kako, ukaseke nawo n'kubwerezanso, monga umachitira ndi amayi a kumpingo akamaseka Chichewa chako. Kudzapezeka wina, mwina ku koleji, mwina m'banja momwemo, amene adzayang'ane khungu lako ndi tsitsi lako n'kufunsa kuti ndiwe Mchickasaw wa mtundu wanji. Pamenepo usakagonje. Sindinakulere kuti uzikhala chete pamaso pa chipongwe, ndipo ngakhale lero, nditanyazitsidwa chonchi, ndikukhulupirirabe kuti chosalungama chiyenera kutchulidwa dzina lake mokweza. Chimene ndinalephera ine ndi kusiyanitsa mdani ndi wachibale, ndi kudziyeza ndi muyeso umene ndimayezera ena. Ukayankhe mwachidule, utchule dzina la bambo ako ndi la agogo ako, n'kupitiriza kuluka.

Ndipo usakanditeteze. Ndikukudziwa, ukafuna kunena kuti amayi anali wamng'ono, anali pa chisoni, sankadziwa. Zonsezo ndi zoona, koma si iwe woyenera kuzinena, ndipo sizibweza chingwe ngakhale chimodzi. Uli ndi ufulu wondikwiyira nthawi yonse imene ufuna. Zaka ziwiri wakhala ukuphunzira mzere wa mphezi uja mobwerezabwereza, kumasula n'kuyambanso, kuti dzanja lako lidzafanane ndi la agogo ako pamene mbali ziwirizo zikakumane. Ndinkakuona ukuchita zimenezo ndili chete. Pa zonse zimene ndalemba m'kalatayi, chimenechi ndicho sindikudziwa kuti ndingachipepese bwanji.

Kwathu kupepesa mlandu waukulu sakutumiza pa foni kapena pa pepala, munthu amapita yekha n'kukakhala pansi pamaso pa eni ake. Umenewu ndi mwambo umodzi umene ndikufuna kuuchita moyenera, eni ake alipo. Ndalembera aphunzitsi anga kuti Lolemba sindidzakhalapo, ndapempha mnzanga kuti andigwirire ntchito masiku anayi, ndipo ndagula tikiti yachiwiri ya basi yomweyo. Ndikalankhula ndi agogo awiriwo ndekha, iwe usanatulutse kaphukusiko m'chikwama. Sindikakonza mawu pasadakhale, chifukwa ndikakonza akhala masamba atatu.

Ulendowu ndi wautali, ndipo sindikukakamiza kuti undipirire pambali pako. Ndidzayamba kukwera ine n'kukakhala kumbuyo kwenikweni. Ukafuna kukhala kutsogolo wekha mpaka ku Oklahoma, ukhale, sindidzakuitana. Mpando wa pafupi ndi ine ndidzaikapo chikwama changa kuti wina asakhalepo.

Tsopano ukhoza kumasula.

Ndine mayi wako,
Esnart